Alamu Anga ndi Masamba a Pamsewu

Alamu anga a Enoki Namakhwa sanali a kuno. Anachokera cha ku Phalombe akadali mnyamata wa ndevu zitatu, atakwera lole yotenga matenanti kupita ku esiteti ya fodya kufupi ndi Bowe. Ankati adzakhala chaka chimodzi, agule njinga, abwerere kwawo. Njingayo anaigula patatha zaka zisanu ndi ziwiri, koma n'kuti atawaona kale achemwali anga a Lusiya akuimba kwaya pa ukwati wina, ndipo za ku Phalombe zinathera pomwepo. Anadzamanga nyumba pamudzi pathu pa Mkundi, nakhala mkamwini zaka makumi anayi. Amati mkamwini asamakule mwendo. Awa mwendo sunakule ayi, chimene chinakula ndi liuma.

Ine ndine Kezia, mng'ono wawo wa a Lusiya, ndipo ndimasoka pakhonde la golosale moyang'anana ndi siteji. Zambiri zimene ndikusimbazi ndinaziona ndi maso angawa, phazi lili pa makina. Wina akakuuzani mosiyana, mufunseni kuti tsikulo anali kuti.

Pa Mkundi msewu waukulu umatsika phiri, n'kukhota, n'kuyamba kukwera phiri lina. Pokhoterapo ndi pamene makolo athu, mwa nzeru zawo, anaikapo msika. Masiku ena pamadutsika. Koma Lachinayi, tsiku la kabwandire, ndi mpanipani wokhawokha. A kaunjika amayala zovala mpaka pa phula, a tomato n'kudzakhala kutsogolo kwa a kaunjika. Minibasi imaima pakati pa msewu kudikira munthu amene akumetetsa kaye tsitsi. Ngolo ya ng'ombe imatembenuka pamene yafuna, ndipo anyamata a kabaza amalowetsa njinga zamoto paliponse pamene pangadutse khoswe. Ikafika nyengo ya fodya, malole amatsika phirilo akununkha mabuleki, hutala ikulira kuyambira pamwamba.

Mudzi wathu uli kumtunda kwa msewu. Tchalitchi, chigayo, madimba ndi manda zili kumunsi. Ndiye kuti munthu wa kwathu, kaya akufuna Mulungu, kaya mgaiwa, kaya mpiru, kaya wafa, ayenera kuwoloka basi.

Lachinayi lina achemwali anga akuchokera kuchigayo, thumba la ufa pamutu, njinga yamoto inatulukira kuseri kwa minibasi. Inanyamula anthu awiri, nkhumba yamoyo ndi chitseko. Woyendetsayo anati sanawaone chifukwa cha chitsekocho, ndipo ine ndinamukhulupirira. Nkhumba inamasuka n'kuthawira kumadimba, ufa unayeretsa msewu wonse, achemwali n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhala m'chipatala miyezi itatu. Fupa linalumikizana, anayambanso kuyenda ndi ndodo, koma mtima sunabwerere m'malo. Akatsika kufika m'mbali mwa phula, thukuta linkangoti kamukamu, miyendo n'kukana, mpaka abwerere. Tinati akwere galimoto iwawolotse, anakana. Alamu anabwereka wilibala, achemwali n'kuwafunsa ngati anakwatira thumba la feteleza.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha a Lusiya osawoloka. Munthu amene kwaya yathu inkatsamira pa mawu ake, Lamulungu lililonse ankasamba, kuvala chitenje cha mpingo, n'kukhala pakhonde kumvetsera belu ndi nyimbo zikukwera phiri. Ankaimba nawo chapansipansi, akuchedwa pang'ono chifukwa cha mphepo. Zinkandipweteka, sindibisa, moti masiku ena ndinkazungulira kuseri kwa nyumba yawo kuti ndisawaone. Alamu zinkawapweteka kuposa ine. Tsiku lina ndikuwasokera chigamba pa jekete, anandiuza kuti iwo ntchito imene yawatsalira padziko pano ndi imodzi, kuona a Lusiya akuwoloka msewu umenewo ndi mapazi awo.

Mwezi womwewo kunali kusankha komiti ya chitukuko ya dera lathu. Anthu sankaifuna komitiyo chifukwa misonkhano yake inalibe ngakhale thobwa. Alamu anaimika mkono okha, nadzitchula okha dzina, n'kuyambitsanso okha kuomba m'manja. Chimene ankafuna sichinali chachikulu. Ankafuna mahampu awiri, ina kumtunda ina kumunsi, ndiponso kuti siteji ichoke pa phula ipite kuseri kwa msika kumene kuli bwalo longodyapo mbuzi.

Makalata opita kukhonsolo ndinkalemba ndine, iwo akunena ali chilili, dzanja limodzi m'thumba la jekete. Ku esiteti ntchito yawo yomaliza inali yosankha fodya, ndipo chizolowezi chimenechi sichinawachoke, chilichonse ankachiika m'magiredi. Yankho la kukhonsolo likati "tamva", ankati amenewo ndi makombo otola pansi pa chigafa. Likati "tikuunikira", ankati ndi fodya wapakati, wogulitsika ogula akakhala ndi tulo. Koma likati "zili mu pulani", ankanunkhiza pepalalo n'kunena kuti uyu ngwokongola pamwamba, mkati mwa belo wawola.

Kanayi konse anapalasa njinga kupita kuboma kukamvera msonkhano wa khonsolo, atakhala pa benchi la anthu wamba kumbuyo. Nkhani ya pa Mkundi inkakhala ya nambala 14 pa mndandanda, koma makhansala athu akafika pa nambala 9 m'mimba mumayamba kulira, ndiye zotsalazo amazikankhira ku msonkhano wina. Ulendo wachinayi anafikadi pa 14, alamu mpaka kuimirira ndi chimwemwe. Pamenepo panabuka mkangano woti kodi msewuwo mwini wake ndani. Atakangana ola lathunthu anagwirizana kuti phula ndi la akuluakulu a zamisewu kulikulu, m'mbali mwake ndi mwa khonsolo, ndipo anthu ogundidwawo ndi a chipatala. Alamu anabwerako dzuwa likulowa, matako atatupa, nandiuza kuti ndilembe kalata ina.

Musaganize kuti khonsolo sinachite kanthu. Inatumiza bambo wina ndi kagudumu koyezera, amene anakagubuduza kuchoka pachigayo kufika pasiteji, nagula kabichi wotchipa n'kumapita. Patatha miyezi isanu kunabwera chikwangwani choti oyendetsa achepetse liwiro. Chinaima masiku anayi. Lero mukachifuna muchipeza kwa mnyamata wa tchipisi, chikutchinga mphepo pa chiwaya, ndipo kunena zoona pamenepo chikugwira ntchito.

Ataona kuti kuboma sikuchokera kanthu, alamu anatenga khasu n'kuunda hampu yawoyawo ya dothi, yaikulu ngati mzere wa mbatata. Minibasi yoyamba inadumpha, nkhuku zinali padenga n'kugwera m'kaunjika. Madalaivala asanamalize kuwasaka, mvula inabwera n'kuikokolola hampuyo kupita nayo kudimba kwa katekisiti. Kenako anagula wezulo, nandiuza kuti ndiwasokere kajekete kachikasu konga ka anthu ogwira ntchito pamsewu. Anaima pakati pa mpanipani akuimba wezulo, koma anthu anangoti siteji yalemba woitanira watsopano. Amayi ankawafunsa ya ku Kasakula ndi iti, ena n'kumawapatsira katundu. Tsiku limenelo anakweza matumba anayi a makala asanazindikire kuti alembedwa ntchito.

Tsopano ndikuuzeni za khansala wathu, a Howard. Anali munthu wosalala, wogula mbewu, wa nsapato zosongoka ndi galimoto yoyera. Alamu anawaitanira ku misonkhano ya msewu kakhumi, kakhumi konseko a Howard anali ku wekishopu. Koma maliro, ayi ndithu, sanaphonyepo ngakhale amodzi. Mwana akangolira mokweza m'mudzi, galimoto yoyera ija inkachepetsa liwiro. Ankafika ndi thumba la ufa, kuvula chipewa, kupepesa aliyense mpaka agalu, n'kulankhula nthawi yaitali kuposa mlaliki. Chaka chimenecho chinalinso cha masankho, ndiye ufa unkabwera ndi shuga yemwe.

Mwezi wa Juni anamwalira a Gregorio, nkhalamba ya kumtunda kwathu. Monga mwa mwambo, anthu anadula nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu uku ndi uku, kuti wodutsa adziwe kuti pagwa zovuta. Wa galimoto akaona masambawo amakwawa, wa njinga amatsika n'kukankha, wa wailesi amatseka, wa chipewa amavula. Alamu tsiku limenelo kumanda anafika mochedwa. Anaima m'mbali mwa msewu akuyang'ana malole akuyenda ngati akuopa kuponda mazira, ndi galimoto ya a Howard itaima pansi pa mtengo. Mawa lake anabwera pakhonde langa maso akuwala.

"Alamu, mwaiona hampu yeniyeni? Yaulere, yosakokoloka, ndipo imakubweretsera khansala pakhomo."

Ndinasiya makina. Ndinawauza kuti asayerekeze n'komwe, chifukwa kuyala masamba popanda maliro ndi malaulo, ndi kudzutsa imfa ili chigonere. Anandiyankha kuti imfa ya pa Mkundi sigona, imakhala pasiteji kudikira Lachinayi. Ndinawauza kuti ndikaulula kwa achemwali. Anati iwo amangocheza, chilamu basi, n'kunyamuka akuimba mluzu. Ndikanadziwa ndikanaulula tsiku lomwelo.

Patadutsa masabata atatu, Lachinayi m'mawa ndikutsika ndi makina anga, ndinapeza msewu uli zii. Nthambi za mango zinali zitayalidwa kumtunda ndi kumunsi, zina n'kulondolera kanjira kokwera kunyumba kwa achemwali. Ndinachita mantha, ngakhale ndinali nditawaona a Lusiya akusesa pabwalo mphindi zochepa zapitazo. A kaunjika ankaitanira malonda monong'ona. Anyamata a kabaza ankakankha njinga zawo zipewa zili kukhwapa. Lole ya fodya inadutsa mofatsa moti nkhuku inawoloka patsogolo pake osathamanga. Pa zaka zonse ndakhala pakhondepo ndinali ndisanamvepo mbalame tsiku la kabwandire, koma tsiku limenelo ndinazimva.

Ndinasiya makina m'golosale n'kuthamangira kumtunda. Patsogolo panga panali a Roza, mayi amene kwathu kuno amayamba kulira asanafunse kuti wafa ndani. Poona kumene masamba akulowera anangodziwiratu kuti ndi a Lusiya, poti ndiwo ankayenda ndi ndodo. Anakwera kanjirako manja kunkhongo, akulira kuti Lusiya mnzanga wandisiyira yani kwaya, akutchula ndi zabwino zina zimene sanawauzepo ali moyo. Atakhota pankhokwe anawapeza a Lusiya ali pamphasa, akusenda mtedza. Achemwali, osadziwa kanthu, anafunsa mwachifundo kuti kwagwanji. A Roza anathawa, n'kusiya patapata mmodzi pabwalo.

Posakhalitsa pabwalo panadzaza. Amayi a mphakati anabwera ndi nkhuni ndi ndowa. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anafika ndi makasu kudzafunsa msinkhu wa malemu, n'kunena kuti anzawo ayambapo kale kukumba popeza nthaka ya mwezi umenewo ndi youma. Aliyense ankafika ndi nkhope ya maliro, kuwaona a Lusiya, kuyang'ana m'nyumba, n'kukhala pansi osadziwa kuti alire kapena apereke moni. Ndiye panamveka galimoto. A Howard anakwera kanjirako chipewa kumanja, anyamata awiri atasenza ufa pambuyo pawo. Anawapatsa mpando wabwino uja wa alendo. Pamenepo ndi pamene alamu anatuluka m'nyumba, atavala jekete, makalata onse ali m'manja.

"Pepani bambo Namakhwa, pepani kwambiri," anatero a Howard. "Ndaona masamba ndili panjira. Kodi ndi mayi?"

"Mayi ndi awo akusenda mtedzawo, bwana."

"Nanga watisiya ndani?"

"Palibe. Koma Lachinayi lina adzapezeka, ndipo inu mudzabwera ndi ufa ngati lero. Ndiye ndati tikambiranetu msanga, wakufayo akadali ndi makutu."

Anawawerengera makalata khumi ndi imodzi, kuyambira pa adiresi mpaka pa "ine wanu". A Howard anayang'ana kanjira kotsikira, koma kanali katadzaza ndi anthu ovota, ndipo kwathu kuno munthu sanyamuka pamaliro eni ake akulankhula, ngakhale maliro opanda mtembo. Thukuta linawatsikira m'kolala. Pomaliza anaimirira n'kulonjeza pamaso pa onse kuti mahampu afika mvula isanagwe, siteji nayo isamuka. Anthu anaomba m'manja, ena akupukutabe misozi imene anabwera nayo. Ufa uja sakanabwerera nawo, adzukulu anali atausenza kale.

Alamu anatembenukira kwa akazi awo, nkhope ikuwala ngati ya mwana wakhoza mayeso. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti khansalayo anali wongowonjezera, masamba aja anayalira munthu mmodzi.

"ANangondo, tiyeni. Msewu uli zii. Mukangogwira khoma la tchalitchi n'kubwerako."

Achemwali anaika lichero pansi. 

"A Namakhwa, mwandiliritsa ndili moyo. Mwakumbitsa dzenje. Ndiye mukuti ndiponde masamba amenewo kulowera kumene kuli dzenjelo? Ine pa bodza sindipondapo."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Masabata awiri sanalankhule nawo. Akafuna kuwauza kuti madzi osamba atentha ankatuma ine, ine wokhala nyumba yachitatu.

Mlandu unakula. Akuluakulu anagamula kuti alamu apereke mbuzi, ndiponso kuti m'dzenje lija, limene linali litafika m'mawondo, akwiriremo thunthu la nthochi, chifukwa manda sasiyidwa kukamwa. Anadula nthochi yawo yomwe, yokhala ndi mkoko, naisenza okha kuwoloka nayo msewu anthu akuwaseka. Bambo mfumu a kuparishi anawaitana kukacheza nawo. Pobwera alamu anandiuza kuti alapa ndithu, koma sanalonjeze kalikonse.

Masankho anachitika, a Howard anapambananso, mvula inagwa, mahampu osaoneka. Chimene chinabwera ndi lole ya miyala, imene inakhuthula mulu wake theka pa phula theka m'mbali, pamodzi ndi migolo iwiri yopanda kanthu. Msewu unachepa kuposa kale. A tomato anakwera pamwamba pa muluwo n'kunena kuti malonda akuoneka bwino. Alamu anapirira mpaka Khirisimasi, kenako anakweranso mu mtengo wa mango.

Ulendo wachiwiri anthu anabwera ochepa, ndipo adzukulu anatuma mmodzi kuti akaone kaye mtembo. Ulendo wachitatu kunabwera a Roza okha, osati kudzalira, koma kudzafunsa za patapata wawo. Mbuzi za alamu zinatha m'khola ndi milandu. Choipa kwambiri n'chakuti madalaivala anaphunzira. Nkhani inayenda m'maminibasi kuchokera ku Chezi mpaka ku Kasakula, moti wina akanama pasiteji anzake ankangoti amenewo ndi masamba a pa Mkundi. Ndinawakalipira alamu kuti awonongera mwambo anthu amene adzafe zenizeni. Anati akudziwa, koma sakudziwa china chimene angachite. Anali ataonda, jekete lija likulendewera m'mapewa. Miyezi yonseyo kumtunda kwathu sikunafe munthu, ndiye woyamba kulawa zimene anaphikazo anali iwo eni.

Unali mwezi wa Meyi, malole a fodya ali pakalapakala. Chiyambire ngozi ija, alamu ndiwo ankawoloka tsiku lililonse kukathirira dimba la achemwali, ntchito imene amuna anzawo ankawaseka nayo. Lachiwiri masana anawapeza atagwa pakati pa mizere ya mpiru, chothiririra chili pambali. Anatsirizika asanafike kuchipatala. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ine ndimati ndi nambala 14. Tinadikira abale awo ochokera ku Phalombe, ndipo mwatsoka kuika kunagwera Lachinayi.

Tinayala masamba, enieni tsopano, odula ndi misozi. Minibasi yoyamba inangowaponda n'kudutsa. Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti tiwauze a Namakhwa asiye anthu agwire ntchito. A Howard tinawaimbira foni, anaseka n'kunena kuti ulendo uno sitiwapeza, tiwapatsire moni mdalayo. A Roza anakwera kanjira kaja mwakachetechete, kulowa m'nyumba, kusuzumira m'bokosi, kuyang'anitsitsa pachifuwa ngati pakugunda. Atatsimikiza ndi pamene analira, ndipo kulira kwake kunali kwina, kosatchula mawu.

Tinagwirizana kuti achemwali atsanzikane ndi amuna awo pakhomo, atsale ndi amayi awiri achikulire, enafe tipite ku Misa ndi kumanda. Iwo sanatsutse. Anangogwira bokosi pamene linkatuluka, n'kukhala pansi pakhonde pawo paja.

Tinatsika kanjirako kwaya ikuimba, mpaka m'mbali mwa phula. Pamenepo tinaima. Anthu a mumsika, amene ankatidziwa, anayamba kukokera malonda awo kumbuyo n'kuvula zipewa, koma a pamsewu ankangodutsa. Onyamula bokosi akati aponde, njinga yamoto. Akati aponde, minibasi. Katekisiti anakweza mtanda, wa galimoto wina n'kumubayibitsa. Masamba athu anali ataphwanyika kale, atasanduka zobiriwira zomatirira pa phula. Nyimbo inatha, anayambitsa ina, nayonso inatha. Mapewa a onyamula anayamba kunjenjemera.  Ndinakwiyira madalaivala, ndinakwiyira khonsolo ndi mulu wake wa miyala, ndinawakwiyiranso malemuwo m'bokosi mwawomo, kuti taonani tsopano zimene mwadzichitira, mkamwini wosamva inu.

Kenako ndinamva ndodo ikugogoda pamiyala kumbuyo kwathu. Anthu anapatuka. Achemwali anali kutsika okha, amayi awiri aja akuwatsatira patali manja ali m'mwamba posonyeza kuti alephera kuwaletsa. Atafika pamene ndinaima ndinawagwira mkono. Unali wozizira, wonyowa ndi thukuta. Anayang'ana bokosi lili pamapewa, nayang'ana msewu. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kuponda pa phula.

Sanakweze mkono, sanakuwe. Anangoyenda, ndodo patsogolo, mwendo wovulala uja ukukoka, mpaka pakati penipeni, n'kutembenuka kuyang'ana kuphiri. Kumeneko kunkatsika lole yodzaza ndi mabelo a fodya. Hutala inalira, mabuleki analira, amayi ena anaphimba kumaso. Ine sindinathe ngakhale kupemphera. Loleyo inadzaima pafupi moti akanatambasula ndodo akanaigogoda. Dalaivala anatulutsa mutu, mkamwa muli kale mawu, ndiye anaona bokosi. Anabweza mutu, kuvula kapusi, n'kuzimitsa injini. Kumbuyo kwake zonse zinaima, ndi za kumunsi zomwe.

"Awolotseni," anatero achemwali.

Bokosi linawoloka, kwaya inawoloka, abale a ku Phalombe, a mphakati, a Roza, ndi ena a mumsika amene anasiya tomato wawo popanda wolondera. Achemwali anaima pomwepo mpaka munthu womaliza. Tinatsala awiri. Ndinawayandikira koma sindinawagwirenso, ndinangoyenda pambali pawo theka lotsalalo, ndikulira ngati mwana, iwo maso ali gwa. Onyamula aja anali atatidikira kutsidya. Achemwali anaponda dothi la kumunsi koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi, naika dzanja pa bokosi.

"Ndawolokatu, a Namakhwa," anatero. "Taonani, ndawoloka."

Anadikira pang'ono ngati pali yankho. Kenako anafunsa kuti kwaya yakhaliranji chete, nayambitsa okha nyimbo, ndipo tinatsetserekera kutchalitchi.